Kuchoka ku Balaka kukakwera phiri la Zomba ndi ana

Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo ku Balaka, pamwamba pa phiri la Zomba anthu amavala juzi m'mawa. Kuchoka ku Balaka kufika ku Zomba ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa minibasi, koma m'maboma a Balaka ndi Machinga muli ana ambiri amene phirili amangolidziwira m'buku la kusukulu. Makolo awo amapita ku Zomba ndithu, koma kuchipatala chachikulu, kukhoti kapena kumaliro. Zokayenda amati n'za azungu. Maganizo amenewa akumana ana zinthu zimene zili pakhomo pawo penipeni.

Zokaona zimayambira pa Liwonde, pamene msewu umawoloka Shire pa Kamuzu Barrage. Chakumpoto kwa tauniyi kuli nkhalango ya Liwonde National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1973. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo nyama zimene zinatheratu zinabwezeretsedwa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018. Mu 2019 munabweranso zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinachuluka mpaka zina 263 anazisamutsira ku Kasungu mu 2022. Mtengo wolowera wa Amalawi ndi wotsika poyerekeza ndi wa alendo akunja, ndipo izi ambiri sadziwa.

Chimene ana sachiiwala ndi boti loyenda pa Shire. Likamayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa bango, pamadzi pamaoneka timakutu tiwiri ndi mphuno, kenako mvuu yonse imavuuka n'kuyasamula. Ng'ona zimawothera dzuwa pamchenga kukamwa kuli yasa, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Apa kholo lisaphethire: dzanja la mwana lisakhudze madzi.

Kuchoka pa Liwonde msewu wa M3 umakwera mapiri a Machinga, n'kudutsa pa Malosa ndi Domasi, mpaka kulowa mu Zomba. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka zaka za m'ma 1990. Nyumba zakale za boma zidakalipo m'tsinde mwa phiri. Banja lopanda galimoto lingathe kuthera tsiku ku Botanic Gardens, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, kumene kuli mithunzi, timilatho ndi kapinga woyalapo chitenje n'kudya kamba wochokera kunyumba. Apusi a kumeneko ndi akuba oopsa. Nthochi ikhale m'chikwama.

Koma chokoma chili pamwamba. Msewu wa tala wokhotakhota umakafika ku hotela ya Sunbird Ku Chawe, ndipo m'njiramo anyamata amaimika galimoto atanyamula timadengu ta sitiroberi ndi mabulosi. Ena amagulitsa ziboliboli ndi miyala yonyezimira. Nsonga yayitali kwambiri, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Ana aang'ono sangafike kumeneko, ndipo palibe chifukwa chowakakamizira. Makolo awayendetse m'mbali mwa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, kenako ku mathithi a Williams Falls. Madzi a pamenepo amatsika pamiyala ngati pamasitepe, ndipo amazizira moti mwana wa ku Utale kapena ku Phalula akaviika phazi amalitulutsa akukuwa ndi chimwemwe. Miyalayo ndi yoterera.

Okulirapo angayende mpaka ku Queen's View ndi Emperor's View. Malo oyambawo anatchulidwa pokumbukira ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, achiwiriwo pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu amaona mzinda wonse pansi, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje chapatali. Mphunzitsi wa jogalafe sangapeze bolodi loposa pamenepa.

Chingwe's Hole, dzenje lakuya la kumadzulo kwa phirili, lili ndi nthano zoopsa: akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Kumeneko n'kutali, msewu wake ndi woipa, ndipo si malo opita ndi mwana wothamangathamanga. Amene akufunitsitsa atenge mmodzi wa anyamata operekeza alendo amene amadikirira pafupi ndi Ku Chawe. Amadziwa njira zonse, ndipo ndalama imene amalandira imadyetsa mabanja a m'midzi yozungulira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anaona phirili kale sangalizindikire m'malo ena. Mitengo ya paini inadulidwa kwambiri, moto wolusa umatentha chaka ndi chaka, ndipo tsiku lililonse amayi amatsika atasenza mitolo ya nkhuni chifukwa alibe china chophikira. Banja lokayenda lisawonjezere vutoli: lisakoleze moto m'tchire, ndipo mabotolo ndi majumbo libwerere nawo.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu yadothi ya pamwamba isanayambe kuterera. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, choncho ana atengeredwe zovala zamphepo. Kunyamuka m'mamawa kumathandiza kuti banja litsike phiri kusanade n'kupezabe minibasi yobwerera ku Balaka.