Madzi akaphwa: kubwerera kunyumba osabwerera ndi kolera

Amayi, abambo, agogo, ndikudziwa kuti mwatopa ndi kugona m'makalasi ndi m'matenti. Tsiku lililonse tikamayenda ndi zigubu za kloro mumatifunsa kuti, "Nanga tibwerera liti kwathu?" Kubwerera mubwerera ndithu. Koma nyumba imene munalowa madzi osefukira si nyumba imene munaisiya ija. Madziwo asanafike pakhomo panu anadutsa m'zimbudzi zogumuka, m'makola a nkhumba ndi m'tchire momwe ena amadzithandizira. Matope atsala pansiwo ndi osakanikirana ndi chimbudzi cha anthu, ndipo m'menemo ndi momwe kachilombo ka kolera kamayendera.

Izi si zachilendo kuno ku Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Mu Seputembala chaka chomwecho kolera inabuka ku Niassa, kenako inafalikira m'zigawo zina kuphatikizapo Tete, ndipo namondwe Freddy atagunda Quelimane mu Malichi 2023 odwala anachuluka kwambiri. Ku Malawi, komwe abale a ku Tsangano amapita kumsika ndi kumaliro, mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Madzi osefukira akadutsa, kolera imakonda kutsatira pambuyo.

M'mizinda ikuluikulu muli makampani okonza nyumba zolowa madzi. Amabwera ndi mapampu, makina oumitsa makoma ndi mankhwala. Ife ku Furancungo tili ndi khasu, tsache, dzuwa, mphepo ndi kloro. Koma ndondomeko yake ndi imodzimodzi: yamba waona ngati nyumba ili yolimba, chotsa madzi ndi matope, tsuka, thira mankhwala, umitsa. Mukadumpha chimodzi, zinazo zapita pachabe.

Musanalowe

Tsiku loyamba apite akuluakulu okha, masana kukuwala. Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba atsale kaye pamalo pano. Zungulirani nyumba kunja. Khoma la zidina likamwa madzi limafewa kunsi pomwe kumtunda likuoneka bwinobwino. Bayani ndi kamtengo m'munsimo: kakalowa mosavuta, kapena mukaona ming'alu yatsopano, khoma lopendekeka, chitseko chokana kutseguka, musagonemo. Kauzeni a nyakwawa kapena a komiti ya INGD kuti nyumbayo ilembedwe. Makoma otere amagwa usiku anthu ali m'tulo.

Ngati nyumba ili ndi magetsi a EDM, musayatse kanthu mpaka wodziwa za magetsi aione. Njoka nazo zinathawa madzi ngati ife, choncho gwedezani katundu ndi ndodo musanamugwire. Valani majombo, ngati mulibe, kulungani mapazi ndi mapulasitiki awiri n'kuvala nsapato pamwamba. Amene ali ndi bala asaponde matopewo.

Chotsani matope, tsukani, kenako kloro

Tsegulani zitseko ndi mawindo onse, tulutsani katundu yense panja. Palani matope ndi khasu kapena fosholo mukawakwirire m'dzenje kutali ndi chitsime ndi posewera ana. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi lapamwamba lija, dikirani paume, muzire ndi dothi latsopano lochokera kumtunda komwe madzi sanafike. Ngati ndi pa simenti, kwechani ndi sopo ndi madzi.

Ambiri amalakwitsa apa: amathira kloro pamatope. Iyayi. Kloro akakumana ndi matope mphamvu zake zimathera pomwepo osapha kachilombo. Sopo ayambe, kloro atsatire.

Kasakanizidwe kake ndi aka. Ngati pa botolo la javeli palembedwa 5%, thirani kapu imodzi ya javeli m'makapu 24 a madzi. Amenewa ndi madzi a 0.2%, opukutira pansi, zitseko, mabedi, matebulo ndi ziwiya. Asiyeni akhale mphindi 10 musanatsukuluze. Mbale ndi makapu mutsukuluze ndi madzi otetezedwa, muyanike pathandala. Ngati nambala ya pa botolo ndi ina, tifunseni ife kapena APE wa m'dera lanu. Sakanizani ongokwanira tsiku limenelo, chifukwa akagona amasukuluka. Osasakaniza javeli ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Ndipo madzi amenewa si akumwa, aikeni patali ndi ana.

Zosunga ndi zotaya

Zovala, zitenje ndi mabulangete chapani ndi sopo, muziviike mphindi 10 m'madzi a kloro aja kapena muziwiritse mphindi 5, ziume padzuwa mpaka gwaa. Musakachapire kumtsinje kapena pamjigo pomwe anthu amatunga. Mphasa ndi matiresi a siponji amene anamira m'madzi akuda ndi ovuta kuyeretsa mkati. Ndi bwino kuwataya kusiyana ndi kugonekapo mwana.

Za chakudya ndi zopweteka mtima, ndikudziwa. Ufa, mchere, shuga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi china chilichonse chimene chinakhudzana ndi madziwo, kwirirani. Chimanga cha m'nkhokwe chimene chili pamwamba ndipo sichinanyowe, chipatuleni msanga muchiyanike. Chimene chachita chuku musadye, musagaye, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Ziweto zofera m'madzi si ndiwo ayi, zikwiriridwe mozama.

Umitsani

Nkhungu imayamba kumera pa chinthu chonyowa pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo imayambitsa chifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Siyani nyumba yotsegula masana onse. Lambulani ngalande kuzungulira nyumba kuti madzi asamaime m'munsi mwa khoma. Musafulumire kumata kapena kupaka laimu khoma lisanaume, mungotsekera chinyezi mkati. Chonde musasonkhe mbaula m'nyumba yotseka kuti iume msanga, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Chimbudzi ndi chitsime

Musanasamutse banja, funsani kaye: tikadzithandizira kuti, tikamwa chiyani? Chimbudzi chogumuka kapena chosefukira chikwirireni ndi dothi. Kumbani china kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposa, chikhale ndi chivundikiro, ndipo pambali pake pakhale kachigubu kosambira m'manja ndi sopo kapena phulusa. Chisanathe, kumbani kadzenje n'kukwirira nthawi iliyonse. Chimbudzi cha khanda nacho chimafalitsa kolera, chitayidwe momwemo.

Chitsime chimene munalowa madzi osefukira chiyenera kukapidwa, kuchotsedwa matope ndi kuthiridwa mankhwala ndi a zaumoyo. Ngakhale madzi ataoneka oyera mbee, kachilombo sikaoneka ndi maso. Madzi onse akumwa, otsukira mkamwa ndi otsukira zipatso athireni Certeza: kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Akakhala avundu, asiyeni adikhe, sefani ndi chitenje choyera, thirani tizivindikiro tiwiri. Certeza akasowa, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Sungani m'chigubu chotseka, osaviikamo kapu.

Pali mphekesera yoti kloro ndiye amabweretsa kolera. M'madera ena a Nampula ndi Zambézia bodza limeneli lachititsa kuti ogwira ntchito za umoyo amenyedwe, matenda n'kupitirira. Maina awiriwa angofanana kamvekedwe basi. Kloro amapha kolera. Madzi amene tikukupatsaniwa nafenso timamwa omwewo, ndipo mukafuna tidzamwa pamaso panu.

Wina akayamba kutsegula m'mimba

Zizindikiro zimaoneka pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya kachilomboka. Chimbudzi chimakhala chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, nthawi zina ndi kusanza ndi kukokana kwa miyendo. Munthu wamkulu wamphamvu akhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Musadikire kuti kuche.

Yambani pomwepo kumumwetsa SRO, ija ena amati Thanzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Amwe pang'onopang'ono njira yonse yopita kuchipatala. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kupitiriza. Khanda lipitirize kuyamwa. Kolera imachizika munthu akafika msanga. Wina akamwalira nayo, musasambitse thupi nokha, itanani a zaumoyo. Olandira katemera wakumwa uja nawonso atsate zonsezi, chifukwa katemera sateteza kotheratu.

Ntchitoyi si ya tsiku limodzi, ndipo si ya munthu mmodzi. Gwirizanani mabanja atatu kapena anayi, lero nyumba iyi, mawa inayo, osaiwala ya agogo amene alibe wowapalira matope. Musanachoke pamalo pano, dutsani patebulo la akitivisita mutenge Certeza ndi mapaketi a SRO, ndipo mutiuze mudzi umene mukupita kuti tidzakuyendereni.