KUSANKHA NKHUNZI YOBALA NG'OMBE ZA KU CIONETSERO

Inu alimi a ku Nakoli ndi a m'midzi yozungulira Kabwe, mwaziona ng'ombe zimene zimalandira mphotho pa cionetsero ca zaulimi. Ena mwa inu mumafika mpaka ku Lusaka, ku cionetsero cacikuru cimene cimatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la mwezi wa August. Pobwerera kwao munthu amanena mumtima mwace, "Inenso ndigule nkhunzi yonga ija." Maganizo amenewa ndi abwino. Koma cenjerani, pakuti nkhunzi yonenepa ndi yosalala ikhoza kubala ana acabecabe. Paja akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

CIFUKWA CACE MUYENERA KUSAMALA

Ng'ombe yaikazi imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo ikacita bwino imakupatsani mwana mmodzi pa caka. Koma nkhunzi imodzi yokhwima ikhoza kukwera zazikazi 25 kapena 30 m'nyengo imodzi. Mukalakwa posankha yaikazi, mwaononga mwana mmodzi. Mukalakwa posankha nkhunzi, mwaononga ana onse a m'khola. Ndiponso colakwaco sicioneka msanga. Ana ace aakazi amayamba kubala ali ndi zaka ngati 3, kotero podzazindikira kuti munagula nkhunzi yoipa, zaka 4 zidzakhala zitapita pamodzi ndi ndarama zanu.

MTUNDU WOYENERA DZIKO LANU

Yambani mwatsimikiza mtundu umene mufuna kuweta, cifukwa oweruza amayerekeza ng'ombe ndi zinzace za mtundu womwewo. M'dziko la Zambia muli ng'ombe za Angoni za kum'mawa, za linunda ndi nyanga zazifupi. Za Barotse za kumadzulo, za nyanga zazitali. Ndi za Tonga za kummwera. Pa mafamu akuru mumapezeka Boran yocokera ku Kenya ndi Brahman yocokera ku America. Zonsezi zimapirira dzuwa. Mitundu ya ku Ulaya, monga Hereford ndi Sussex, imakula msanga, koma imafuna cakudya cambiri, ndipo nkhupakupa zimaigonjetsa mosavuta.

Musanyoze ng'ombe zakwanu. Mtundu wa Tuli wa ku Zimbabwe unacokera ku ng'ombe za m'midzi. M'zaka za m'ma 1940 mlangizi wa Boma dzina lace Len Harvey anagula kwa anthu a kumudzi ng'ombe zimene zinali kukhalabe zonenepa m'cirimwe, nazisankha caka ndi caka. Lero Tuli iri kuwetedwa ngakhale ku Australia. Cimene cinaikweza ndi kusankha kwabwino basi.

ZOYENERA KUONA PA THUPI LACE

Musagule nkhunzi iri ciimire m'khola. Pemphani mwini wace aiturutse, iyende pabwalo inu mukuona. Miyendo ikhale yowongoka, ziboda zolingana, ndipo iponde mosatsimphina, pakuti nkhunzi ya miyendo yofooka singathe kukwera. Msana ukhale wowongoka ndi wotambalala, cifuwa cacikuru, ncafu zodzala, popeza nyama yabwino iri kumbuyoko. Mavalo ace akhale awiri, olingana, aakuru bwino ndi opanda cotupa. Cikopa ca pansi pa mimba cisalendewere kwambiri, cifukwa minga ndi zitsa zimacivulaza kuchire.

Onaninso mano. Mano awiri oyamba aakuru amaturuka ng'ombe ikafika zaka ngati 2, ndipo onse 8 amakwanira ikapitirira zaka 4. Mano sanama, ngakhale wogulitsa aname.

Yesani mtima wace. Pa cionetsero ng'ombe imayendetsedwa ndi cingwe pamaso pa oweruza ndi khamu la anthu. Nkhunzi yolusa imabala ana olusa, ndipo tsiku lina idzagunda mwana wanu wobusa.

ONANI MAI WACE NDI ANA ACE

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mafuta amacokera m'nkhokwe ya mwini ng'ombe, ndipo mwana satengera mafuta kwa atate wace. Cimene amatengera ndi mafupa, maimidwe, kakulidwe ndi mtima. Tsono funsani kuti nkhunziyo yakhala ikudya ciani. Ngati yakulira gaga ndi cakudya cogula, idzaonda ikangoyamba kudya udzu wouma wa mwezi wa October kwanu.

Pemphani kuona mai wace. Kodi amabala caka ciri conse? Kodi ali ndi mkaka wokwanira kulera mwana? Ngati nkhunziyo yabalapo kale, pitani mukaone ana ace, onse amene, osati okhawo amene mwini wace afuna kukuonetsani. Akakhala ofanana ndi okula bwino, gulani. Ngati ng'ombeyo inalembedwa m'buku la Herd Book Society of Zambia, funsani kalata yace yonena za makolo ace. Wogulitsa wokana kuonetsa zimenezi msiyeni. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Musanapereke ndarama, itanani dokotala wa ziweto aipime, ndipo tengani kalata ya Boma yolola kuisamutsa. Ikafika kwanu ikhale payokha milungu 3 kapena 4, ndipo isaphonye ku dibi.

MUTAGULA, NCHITO SINATHE

Nkhunzi yabwino siipindula ngati kudambo kuli tinkhunzi tacabecabe timene timayamba kukwera zazikazi zanu. Kambiranani ndi amfumu ndi anzanu a pamudzi kuti zamphongo zonse zosayenera zifulidwe zikadali zazing'ono. Zidzakoka khasu ndi ngolo. Ngati mtengo wa nkhunzi ukuposani, sonkhani anthu atatu kapena anai, mugule imodzi yabwino.

Pakapita zaka 3 icotseni kapena sinthanani ndi mlimi wa mudzi wina, kuti isakwere ana ace omwe, pakuti kutero kumafooketsa mtundu. Lembani m'kabuku tsiku lobadwa la mwana ali yense, ndi dzina la mai wace ndi la atate wace. Kabuku kameneka kadzakuuzani ana oyenera kusunga, ndipo mwa iwo mudzaturuka ng'ombe imene mudzapita nayo ku cionetsero.