Kodi Kachilombo ka HIV Kamafika Bwanji ku Mafupa?

M'makalabu athu ambiri muli mnzathu wa zaka 16 amene anthu amamuyesa mwana wa Sitandade 5. Ena amamuseka, ena amati ndi mtundu wa kwawo. Koma kwa achinyamata amene anabadwa ndi kachilombo ka HIV, kuchedwa kukula nthawi zambiri kumayambira m'kati mwa mafupa.

Fupa ndi lamoyo. M'kati mwake muli maselo omanga otchedwa ma osteoblast. Amenewa amayala timaulusi kenako n'kumatapo kashiamu, monga mmene timaphomera dothi pa mitengo ya nyumba. Mulinso maselo ogumula, ma osteoclast, amene amachotsa fupa lakale kuti pabwere latsopano.

Selo silingakhale lomanga pokhapokha jini yotchedwa RUNX2 itayamba kugwira ntchito. Tikati majini pano sitikunena mizimu ayi, tikunena malangizo a chibadwa amene ali mu selo lililonse. Mu 1997 akatswiri anachotsa jini imeneyi mu mbewa, ndipo ana ake anabadwa ndi chichereŵechereŵe chokhachokha, opanda fupa lolimba.

Omangawa amadikiranso uthenga. Wina umachokera ku mahomoni a kukula ndi a kutha msinkhu. Wina umachokera m'fupa momwemo: tikamathamanga kapena kudumpha pa netibolo, maselo okwiririka m'fupa amamva kugwedezekako n'kuchepetsa puloteni ya sclerostin, imene imaletsa omanga kugwira ntchito.

Kachilombo ka HIV kamasokoneza mauthengawa. Chitetezo cha m'thupi chikamalimbana nako usana ndi usiku, chimatulutsa puloteni ya RANKL yochuluka, ndipo iyi imadzutsa ogumula. Tikawonjezapo kudwaladwala, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kuchedwa kutha msinkhu, omanga amatsalira m'mbuyo.

Nanga ma ARV? Tisabisane. Mwa akuluakulu, mafupa amapepuka ndi 2 mpaka 6 peresenti m'zaka ziwiri zoyamba kumwa mankhwala, makamaka a tenofovir, amene ali m'piritsi la TLD lomwe linayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2019. Ana osakwana makilogalamu 30 amapatsidwa abacavir m'malo mwake. Koma kupepukaku sikupitirira mpaka kalekale, ndipo mwana woyamba mankhwala msanga amakula bwino kuposa wochedwa. Wosiya mankhwala amangobwezera mphamvu kwa kachilombo ndi ogumula aja.

Nthawi ndiyo yatithera. Tikamaliza kutha msinkhu, malo okulira a kumapeto kwa mafupa amatsekeka, ndipo munthu satalikanso. Choncho usipa ndi matemba tizidya ndi minga yomwe, bonongwe tisamunyoze, tiziwothera dzuwa kuti thupi lipange vitamini D. Fodya ndi mowa zimafooketsa omanga. Amene akuona kuti sakukula ngati anzake akapemphe achipatala ku Teen Club kuti amuyeze msinkhu ndi sikelo.