Matenda a schizophrenia: amagwira ndani, ndipo amaoneka bwanji?

Ambiri a ife tinaonapo mnyamata amene anali kucita bwino kusukulu, kenako anayamba kudzitsekera m'nyumba, kuleka kusamba ndi kulankhula yekha. Apabanja amafulumira kunena kuti walodzedwa. Kawirikawiri amakhala matenda a ubongo amene madokotala amacha schizophrenia.

Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300. Powerenga akuluakulu okha, linati ndi mmodzi mwa 222. Sasankha mtundu kapena cuma. Amayamba kwambiri munthu akamatsiriza zaka za unyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amuna amawayamba msanga kuposa akazi. Ici n'cifukwa cake odwala ambiri amakhala osamaliza maphunziro, osakwatira ndi osagwira nchito: matenda amawapeza pa nthawi imene anzao akuyamba kudziimira paokha.

Wodwala amamva mau a anthu amene palibe, nthawi zina omunyoza kapena omulamula. Amakhulupirira kolimba kuti wina akumulondola kapena wamuikira poizoni m'nsima, ndipo kutsutsana naye sikuthandiza, pakuti kwa iye n'zoona. Nkhani zake zimasokonekera. Koma zizindikiro zimene timaziphonya ndi zacete: nkhope yosaonetsa cimwemwe kapena cisoni, kusafuna kuceza, kukhala pansi tsiku lonse. Timati ndi ulesi, pamene ndi matenda.

Coyambitsa si cimodzi. Matendawa amayenda m'magazi m'mabanja ena, ndipo kusuta camba kwambiri kumaonjezera ngozi.

Mankhwala alipo, monga chlorpromazine ndi haloperidol, komanso jekiseni wa pamwezi kwa amene amaiwala mapiritsi. Ena amanjenjemera, kuuma khosi kapena kunenepa nawo; zikatero bwererani kwa dokotala kuti asinthe, musamusiyitse nokha. Ambiri amene amabwerera ku Chainama mu Lusaka ndi aja amene analeka mankhwala atamva bwino. Mupemphereni, koma mapiritsi apitirize kumwa. Munthu mmodzi mwa atatu alionse amafika poti zizindikiro zonse zatha.

Cimene cimaiwalika ndi thupi lake. Odwalawa amafa msanga kuposa anthu ena, makamaka ndi matenda a mtima, a shuga ndi ena opatsirana, cifukwa akadandaula za kupweteka timati ndi mutu wake uja. Mukapita naye kukatenga mankhwala, pemphani anesi amupime BP ndi shuga.