Mwendo adaudula, koma chala chikupwetekabe

Tangoganizani kudzidzimuka pakati pa usiku chala chakuphazi chikutentha ngati mwaponda khala lamoto, koma mukati muchigwire n'kungogwira bulangete chifukwa mwendowo adaudula kalekale.

Awa ndi mavuto amene ambiri odulidwa mwendo kapena mkono, kaya chifukwa cha matenda a shuga, khansa kapena ngozi za kabaza, akukumana nawo m'makomo mwathu ku Kawale, Biwi, Chinsapo ngakhalenso ku Mgona. Ena amangofera mumtima poopa kuti abale awayesa amisala. Ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti alodzedwa.

Komatu ululuwu ndi weniweni ndipo madokotala adaudziwa kale. Dokotala wa ku America, Silas Weir Mitchell, adalemba za vutoli mu 1871 ataona asilikali odulidwa ziwalo kunkhondo. Kafukufuku amene akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town adatulutsa mu 2020 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse odulidwa chiwalo, pafupifupi 64 amamva ululu wotere.

Gwero lake ndi ubongo. Chiwalo chilichonse chili ndi malo ake mu ubongo, ndipo malowo safufutika mwendo ukachoka. Mitsempha yodukayo imapitiriza kutumiza mauthenga osokonekera, ubongo n'kumawamva ngati kutentha, kulasa kapena kukokana kwa phazi lomwe kulibe. Nkhawa ndi kusowa tulo zimakolezera ululuwu.

N'chifukwa chake panado kawirikawiri saphula kanthu. Madokotala amapereka mankhwala oziziritsa mitsempha monga amitriptyline kapena gabapentin, omwe si ogula mwachisawawa pamsika.

Njira ina ndi ya kalilole, yomwe katswiri wa za ubongo, V.S. Ramachandran, adayambitsa m'zaka za m'ma 1990. Wodwala amaika kalilole pakati pa miyendo moyang'anitsa mwendo wabwinowo, n'kumagwedeza zala pang'onopang'ono akuyang'ana chithunzicho. Ubongo umaona ngati mwendo wodukawo wabwerera ndipo ukuyenda momasuka. Kuchita izi kwa mphindi 15 tsiku lililonse kwa milungu ingapo kumathandiza ena, ngakhale si onse. Ndi bwino kuti a mafizo ayambe akuonetsani kachitidwe kake.

Kusisita pang'ono pamene padadulidwapo bala likapola, kumanga bandeji moyenera ndi kuvala mwendo wochita kupanga wokukwanani bwino kumathandizanso.

Koma chenjerani: pamalopo pakatupa, pakafiira, pakamatuluka mafinya kapena thupi likatentha, limenelo ndi vuto lina lofunika chipatala tsiku lomwelo, makamaka kwa odwala shuga.

Poyambira ndi pachipatala chaching'ono monga cha Kawale kapena Area 25, komwe angakutumizeni ku Kamuzu Central. Kumeneko mu 2023 adatsegulako chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION.

Abale, musamuseke wodwala akati kaphazi kakuyabwa, muperekezeni kuchipatala. Ndipo inu odwala, dokotala sangalote za phazi losaoneka ngati simumuuza. Paja akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.