Tayala likaphulika: zimene ndinaphunzira pa msewu wa M3

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ukaponda phula wopanda nsapato umavina usakufuna. Ndinakwera kabaza kuchokera ku Domasi Mission kutsikira ku msewu waukulu wa M3, n'kupeza minibasi yopita ku Liwonde. Tinali titapanikizana anayi anayi, kumbuyo kuli matumba a chimanga, chitseko chakumbuyo chomangidwa ndi linya. Titangodutsa pa Malosa tinamva phuu! ngati mfuti. Minibasi inayamba kuponya matako uku ndi uku. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anakuwa kuti, "Adalaiva, pondani buleki! Tikufa ife!"

Adalaivawo sanaponde. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso patsogolo, galimoto n'kumachepetsa liwiro pang'onopang'ono mpaka tinaima m'mbali mwa msewu. Titatsika, tayala lakumbuyo linali litang'ambika, mawaya ali panja, likununkha mphira wopsa. Ndinayesa kuligwira koma ndinachotsa dzanja msanga, linali lotentha ngati chiwaya cha tchipisi. Mayi aja atawafunsa adalaiva chifukwa chimene sanaimire nthawi yomweyo, iwo anangoti, "Mayi, ndikanaponda buleki bwenzi pano tikutolana m'ngalande."

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba ndi mafunso awiri. N'chifukwa chiyani tayala limaphulika? Nanga buleki, imene timati ndiyo imapulumutsa, ingagubuduze bwanji galimoto? Mayankho ake ali mu Fizikisi yomweyi imene mukuwerengera mayeso a MSCE.

Chimanyamula galimoto ndi mpweya

Tayala la mpweya si lakale kwambiri. Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa nzeruyi mu 1845, koma inadzafala John Boyd Dunlop atapangira mwana wake matayala a kanjinga ku Belfast mu 1888. Apa n'kuti Domasi Mission itakhazikitsidwa kale mu 1884, anthu akuyenda wapansi ndi pa machila m'chigwa muno.

Ambiri timaganiza kuti mphira ndiwo umanyamula katundu. Ayi, ntchito yaikulu ndi ya mpweya umene wapanikizidwa mkatimo. Mukukumbukira kuti mphamvu ya kupanikiza timaipeza pogawa kulemera ndi kukula kwa malo? Tiyeni tiyese. Tiyerekeze kuti tayala limodzi lasenza makilogalamu 600, ndiye kuti pafupifupi 6,000 N. Ngati mpweya uli pa 3 bar, kapena kuti 300,000 Pa, malo amene tayalalo likukhudza phula ndi 6,000 kugawa ndi 300,000, yankho 0.02 m². Kameneka ndi kamalo ka masentimita 14 mbali zonse, kofanana ndi dzanja la munthu wamkulu atalitambasula. Moyo wa anthu onse a m'minibasi uja unali pa manja anayi oterowo.

Tsopano tsitsani mpweya ufike pa 1.5 bar, katundu ali yemweyo. Malo okhudza pansi ayenera kuwirikiza kawiri. Kuti zimenezi zitheke, tayala limaphwatalala, mbali zake n'kutuluka ngati mimba. Vuto limayambira pamenepa.

Kutentha kumachokera kuti?

Amene munapangapo galimoto zamawaya mukudziwa kuti ukafuna kudula waya wopanda pulayala umaupinda uku ndi uku. Posakhalitsa pamalo popindapo pamatentha, kenako pamaduka. Tayala nalonso limapindika likafika pansi, n'kuwongoka likachoka pansi, ulendo uliwonse likazungulira. Mphira subweza mphamvu yonse imene walandira popindika. Ina imasanduka kutentha.

Tayala la minibasi likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.2. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi, ndiye kuti tayala likupindika ndi kuwongoka ka 13 pa sekondi iliyonse. Pa mtunda wa makilomita 50 lazungulira pafupifupi ka 23,000. Likakhala lopopedwa bwino limapindika pang'ono, kutentha kwake mphepo imakuchotsa. Likakhala lophwa kapena lolemedwa mopyola muyeso limapindika kwambiri, kutentha kumachuluka kuposa kumene kukutuluka. Mkati mwa tayala muli nsalu zolimba ndi malamba a waya amene anamatidwa ndi mphira. Kutentha kukapitirira, mphira umafewa n'kulekana ndi malamba aja, mpaka malo ofooka amang'ambika, mpweya wonse n'kutuluka kamodzin'kamodzi.

Apa pali cholakwika chimene ndamvapo kwa anthu ambiri pa siteji: amati kukatentha uzichepetsako mpweya kuti tayala lisaphulike. N'zoona kuti mpweya ukatenthedwa pamalo potsekeka umapanikiza kwambiri. Koma tiyeni tiwerengere. Geji ikawerenga 2.5 bar m'mawa pa 20°C, tiwonjezere 1 bar ya mpweya wotizungulirawu kuti tipeze 3.5 bar, ndipo 20°C ndi 293 K. Tayala likatentha kufika pa 60°C, kapena kuti 333 K, timapeza 3.5 kuchulukitsa ndi 333, kugawa ndi 293, yankho pafupifupi 4.0 bar. Geji iwerenga 3.0 bar. Kwangokwera ndi theka la bar, ndipo opanga matayala anaganizira kale zimenezi. Koma ukatulutsa mpweya tayala lili lotentha, walisandutsa lophwa, lizipindika kwambiri, litenthe koposa. Wafuna kuzimitsa moto ndi palafini. N'chifukwa chake mpweya timayeza tayala lili lozizira, galimoto isanayende.

Pali zinanso zofooketsa tayala. Likagunda dzenje mwamphamvu, nsalu zamkati zimaduka, pambali n'kutuluka chotupa ngati chithupsa. Tayala lotero likungodikira tsiku. Dzuwa ndi mpweya zimaumitsanso mphira pakapita zaka, n'kuyamba ming'alu ing'onoing'ono.

Chifukwa chimene adalaiva aja sanapondere buleki

Tayala likaphulika limasiya kugudubuzika bwino, limakhala ngati likukwekwereza, ndiye mbali imodzi ya galimoto ikukokedwera kumbuyo. Likakhala lakutsogolo, galimoto imathawira mbali ya tayala lophulikalo. Likakhala lakumbuyo, kumbuyoko kumayamba kugwedezeka ngati mmene tinaonera ife. Ukaponda buleki mwamphamvu, matayala abwino amagwira phula mosiyana ndi lophulikalo, kulemera kumakankhikira kutsogolo, galimoto n'kutembenuka chammbali. Galimoto yaitali m'mwamba, monga minibasi yodzaza, ikangotsetsereka chammbali sichedwa kugubuduka chifukwa pakati pa kulemera kwake pali pamwamba.

Chofunika ndi kugwira chiwongolero mwamphamvu, kusunga galimoto mumzere wake, osachotsa phazi pamoto mwadzidzidzi koma pang'onopang'ono, ndi kuponda buleki mofatsa liwiro litatsika kale. Musaiwalenso kuti mphamvu ya chinthu choyenda imadalira liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Galimoto ya pa 100 ili ndi mphamvu yowirikiza kanayi poyerekeza ndi ya pa 50. Tayala lomwelo kuphulika pa liwiro lochepa ndi nkhani yokamba kunyumba. Pa liwiro lalikulu ndi nkhani ya pa wailesi.

Nyumba yoyenda pa Songani

Patapita masabata angapo ndinali pa msika wa Songani pamene panaima galimoto yachilendo, yaitali ngati kabasi, koma mkati muli bedi, mbaula ya gasi, firiji ndi thanki yamadzi. Azungu amazitcha motorhome, ife tingoti nyumba yoyenda. Eni ake, bambo ndi mayi achikulire ochokera ku South Africa, ankapita kukaona nyama ku Liwonde National Park. Ana anali atazungulira kale, inenso ndinayandikira chifukwa bamboyo anali atagwada pa tayala lakumbuyo.

Anandiuza kuti sanaime kudzagula mango. Kachipangizo kena pafupi ndi chiwongolero kanalira, kusonyeza kuti tayala limodzi likuchepa mpweya ndipo likutentha kuposa anzake. Atayang'anitsitsa anapeza msomali. Ndi maso, tayalalo linkaoneka labwinobwino.

Galimoto zoterezi zili pachiopsezo chachikulu. Nthawi zambiri zimakhala zolemera pafupi ndi malire ake, ndi zazitali m'mwamba, ndiponso zimatha miyezi zitangoima padzuwa, kotero matayala ake amakalamba mizere isanathe. N'chifukwa chake eni ake ambiri amaika zida zodzitetezera. Zida zimenezi zili m'magulu awiri: zochenjeza tayala lisanaphulike, ndi zothandiza litaphulika kale.

Chochenjeza ndi chimene chimatchedwa TPMS. Pali kachipangizo kakang'ono ka batire kamene kamakhala mkati mwa tayala kapena kamamangidwa pa valavu m'malo mwa kachitsekero kaja. Kamayeza mpweya ndi kutentha, n'kutumiza manambala kwa dalaiva kudzera m'mafunde a wailesi. Mtundu wina suyeza mpweya konse, umangowerenga liwiro la gudumu lililonse. Tayala lophwa limachepa msinkhu, ndiye limazungulira mofulumirako kuposa anzake, kompyuta ya galimoto n'kuzindikira kuti pali vuto.

Chipangizochi chinafala chifukwa cha tsoka. M'chaka cha 2000 ku America, kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni pambuyo pa ngozi zambiri zimene matayala ankasendeka galimoto ikuthamanga. Chaka chomwecho dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act, ndipo kuyambira Sepitembala 2007 galimoto zing'onozing'ono zatsopano kumeneko ziyenera kukhala ndi TPMS yochenjeza mpweya ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Maiko a European Union anatsatira pa galimoto zonse zatsopano zing'onozing'ono mu Novembala 2014.

Pa zothandiza litaphulika, choyamba ndi lamba wa mu limu. Limu ili ndi kangalande pakati pake, kamene kamalola amakaniko kulowetsa ndi kutulutsa tayala. Koma mpweya ukatha mwadzidzidzi, milomo ya tayala imagwera m'kangalande komweko, tayala n'kuvuka, chitsulo n'kumakanda phula. Chitsulo pa phula sichigwira, chiwongolero ndi buleki zimasowa pogwirira. Kampani ya ku Britain ya Tyron imapanga lamba amene amatseka kangalandeko tayala litalowa kale, kotero ngakhale litaphulika limakhalabe pa limu, dalaiva n'kupeza mpata woima bwino.

Chachiwiri ndi chokhazika chiwongolero, monga cha Safe-T-Plus ku America. Ichi ndi chitsulo chokhala ndi sipuling'i ndi mafuta mkati, chomangidwa ku zitsulo zowongolera magudumu akutsogolo. Tayala lakutsogolo likaphulika n'kufuna kutsomphola chiwongolero m'manja, icho chimakana kugwedezeka kwadzidzidziko n'kukankhira magudumu kuti aloze kutsogolo. Chachitatu ndi matayala a mbali zolimba kwambiri, amene ambiri amatha kuyendabe makilomita 80 pa liwiro losapitirira 80 mpweya utatheratu, ngakhale amapezeka kwambiri pa galimoto zing'onozing'ono.

Bambo uja, akupukuta manja, anandiuza kuti pa zida zonsezi chimene amachidalira kwambiri ndi geji ya m'thumba ndi maso ake. Ndinagwirizana naye. Lamba ndi sipuling'i sizingakonze tayala lokalamba kapena lolemedwa.

Werengani tayala ngati buku

Minibasi zathu zambiri zilibe zida zimenezi, koma tayala lililonse linalembedwa mbiri yake pambali. Pezani zilembo za DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likatha zaka 5 lizipimidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Izi n'zofunika kuno kumene ambiri amagula matayala akaunjika poona mizere yokha.

Palinso nambala ya katundu ndi chilembo cha liwiro. Nambala 106 ikutanthauza kuti tayalalo lisasenze kupitirira makilogalamu 950, ndipo chilembo R chikutanthauza makilomita 170 pa ola. M'kati mwa mizere muli timabampu totalika mamilimita 1.6. Mizere ikasalala kufanana ndi timabamputo, tayala latha. Mpweya woyenera umalembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaiva kapena m'buku la galimoto.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Pemphani chilolezo kwa mwini galimoto iliyonse imene yaima pasukulu panu kapena kwanu, mulembe manambala a matayala onse anayi, muwerengere zaka zake ndi katundu amene onse pamodzi angasenze. Kenako tengani njinga, muyende nayo mphindi 10 matayala ali opopedwa bwino, mugwire mbali mwa tayala. Ikazizira chepetsani mpweya, muyendenso mtunda womwewo pamalo opanda magalimoto, mugwirenso. Onani kusiyana kwake, komanso mmene miyendo ikulemerera popalasa.

Ine masiku ano ndisanakwere minibasi ndimazungulira kaye kuona matayala. Ndikaona chotupa, ming'alu kapena waya akusuzumira, ndimadikira ina. Tsiku lina kondakitala anandiseka kuti, "Akulu, ndinu a traffic kodi?" Ndinamuonetsa chotupa pa tayala lakutsogolo. Anasiya kuseka, n'kuitana adalaiva. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa msewu phula lake ndi lenileni. Funsani, muli ndi ufulu, chifukwa wakhala pamwamba pa tayalalo ndinu.