Mbalame yodzalowa m'malo mwa namgumi

Anthu atatha pa dziko lino, anamgumi nawo n'kutheratu, kodi m'nyanja zamchere mungadzalamulire ndani? Dougal Dixon, katswiri wa za miyala wa ku Scotland, adayankha funsoli m'buku lake lotchedwa After Man, lomwe lidatuluka mu 1981. Bukuli limajambula nyama zimene zingadzakhaleko pakadzapita zaka 50 miliyoni.

M'nyanja yozizira ya kummwera kwa dziko, Dixon adaikamo chilombo chomwe adachitcha vortex, chotalika mamita 12. Kuchionera patali ungati ndi namgumi, koma kholo lake ndi penguin, mbalame yosauluka ija yopezeka ku Antarctica ndi m'magombe a South Africa. Mapiko amene penguin imapalasira madzi asanduka zipsepse. Mlomo wakula n'kumagwira ntchito ngati sefa wa ufa: madzi amadutsa, tizamoyo ting'onoting'ono n'kutsalira m'kamwa.

Nkhani idavuta pa dzira. Penguin imayenera kutuluka m'madzi kuti ikaikire, pomwe chimbalame chachikulu chonchi sichingakwere kumtunda. Choncho vortex imasunga dzira m'mimba mpaka litaswa, mwana n'kubadwira m'madzi momwemo.

Dixon sadangolota izi ayi. Adatsata njira imene namgumi weniweni adadzera. Zokwawa zikuluzikulu za m'nyanja zitafa zaka 66 miliyoni zapitazo, chakudya chidatsala chopanda mwini. Mafupa ofukulidwa ku Pakistan akuonetsa kuti zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo kudali Pakicetus, nyama ya miyendo inayi yokhala m'mbali mwa madzi. Mibadwo ya mtundu wake idalowerera m'nyanja, mphuno zidasunthira pamwamba pa mutu, miyendo yakumbuyo idafota. Mpaka lero anamgumi ali ndi timafupa totsalira ta m'chiuno tobisika m'mnofu.

Zoterezi zidachitikanso m'nyanja ya Malawi, m'mene mitundu mazanamazana ya nsomba idachokera ku kholo limodzi. Mbuna zimapala ndere pamiyala, utaka umadya tizamoyo toyandama pakati pa nyanja, ndipo zina zimadya mamba a nsomba zinzake. Iliyonse idasintha kamwa motengera chakudya chomwe idapeza.

Mu 2002 Dixon adathandiza nawo kukonza pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya The Future Is Wild. Kumeneko mbalame ina ya m'nyanja, gannet, ndiyo idasiya kuuluka n'kusanduka chinyama chonenepa chosambira m'madzi ozizira a kumpoto kwa Europe.